Chitini cha mapeni a Benwell

Bedi linali litakwera kale pangolo. Wailesi, njinga, mipando iwiri ndi mbale za alendo zinali momwemo, zomangidwa ndi mphira. Haswell anaima pakhomo la malemu mng'ono wake, iye kuloza ndi chala, asuweni ake kunyamula. Benwell anali atangoikidwa kumene, nkhata za pamanda zisanafote n'komwe.

Tryphena, mkazi wa malemuyo, anakhala pansi pakhonde, mutu wometa, ana anayi atamuzinga. Kwawo ndi ku Chipata ndipo abale ake anali atakwera kale basi. Pa boma la Lundazi analibe womuyankhulira. Njinga ikutuluka anangoyang'ana kumbali.

Zinatsala zinthu ziwiri. Choyamba makina osokera, amene ankasokera mayunifolomu a ana asukulu kuti m'nyumba mupezeke ufa ndi mchere. Chachiwiri chitini cha mkaka chimene anachipana pamiyendo, n'kuchiphimba ndi chitenje.

Benwell anali kalaliki wa malipiro ochepa, koma anali ndi matenda a ndalama zakale. Mwezi ukatha, anzake ali pamzere wa shuga ndi mafuta ophikira, iye ankazungulira mumsika kufunsa nkhalamba zochokera kumidzi ngati zinasungako zija zinasiya kugwira ntchito kwacha itabwera. Ankagula mapeni oboola pakati a nthawi ya Federesheni, matiki, ndi masheleni ofufutika nkhope. Akafika kunyumba kuzitsuka ndi ndimu, kuzikulunga m'tinsanza, kuponya m'chitini. Anthu ankamuseka. Koma pamaliro kuseka kunatha, chifukwa kunamveka kuti mzungu wina wa ku Lusaka anachiona chitinicho ndipo analonjeza mtengo wogulira lole.

"Mulamu, bweletsani icho mwakhalila," anatero Haswell.

"Mwatenga pogona pa ana. Sizinakukwaneni?"

"Sindinabwele kudzacheza."

Anagwira chitenje n'kukoka. Tryphena anamuluma padzanja. Haswell anamutchula mfiti yodya mwamuna, iye anamubwezera kuti ndi khwangwala amene sanabweretse ngakhale nthochi imodzi kuchipatala. Ana analira, agalu anauwa, anthu anadzaza kumpanda ngati kuli msonkhano.

Phokosolo ndilo linaitana a Robson Zimba, acheyamani a sekishoni. Anafika atavala shati ya chipani, akupukuta m'manja poti anasiya chakudya. Anati chipani sichifuna ndewu m'sekishoni mwawo, komanso mayi amene ali ndi khadi la chipani, amene salephera kukavina abwanamkubwa akabwera, sangasiyidwe ndi makoma okha. Zatsala ziwiri, ndiye chimodzi chipite, chimodzi chitsale. Basi.

Tryphena sanadikire kufunsidwa. "Makina atenge, acheyamani. Ine andisiyile chitini."

Amayi a kumpanda anayang'anana. Munthu kutaya makina omudyetsa chifukwa cha chitini, ndiye kuti za loleyo n'zoona ndithu. Haswell naye anaziona choncho.

M'mawa womwewo anali atalumbira kuti makinawo anagulidwa ndi thukuta la mng'ono wake. Tsopano anatembenuka osaphethira. Anati kwawo zinthu za mwamuna zimabwerera ku mtundu wake, kaya ndi nkhwangwa, kaya ndi jekete, kaya ndi chilichonse chimene ankachigwira ndi manja ake. Amene ankatsuka ndalamazo ndi Benwell, osati mkazi. Makina ndi chinthu cha azimayi. Nanga pamtundu pawo anaonapo ndani mwamuna akupalasa makina?

Acheyamani anamuuza kuti abwereze mokweza, anthu amve, kuti mawa asadzabwere ndi nkhani ina. Haswell anabwereza atatukula chifuwa. Makina ndi a mkazi, iye alibe nawo ntchito, ndipo sadzapondanso pakhomopo kudzawafunsa.

Panafunika amuna awiri kuti amasule zala za Tryphena pachitini. Anadzigwetsa m'fumbi, anagwira mwendo wa Haswell, anamutemberera iye, ng'ombe zake, fodya wake ndi mudzi wonse kumene akupita. Haswell anakutumula mwendo n'kuseka. Chitini anachilowetsa m'jekete, anakwera pangolo, n'kuuza asuweni kuti amenye ng'ombe, ku Mwase Lundazi n'kutali.

Anthu anabalalika akupukusa mitu. Ena ankati acheyamani alandirapo kanthu. Ena ankati mkazi wachilendo amafera momwemo, akanakhala wa konkuno sizikanatheka.

Anatsala Agatha yekha, wa nyumba yoyandikana. Anabwera ndi madzi m'kapu, anachotsa ana pakhomo, n'kukhala pansi pambali pa mnzake. Anayang'ana m'nyumba. Munali mbee, makina okha ataima pakona.

"Pepani amake Ezron. Chuma cha ana chapita mukuona."

Tryphena anamwa madzi, anasukusula ndi otsalawo, kenako anafunsa ngati ngolo yakhota kale pamsika. Agatha anasuzumira n'kuvomera.

"Chuma chanji?" anatero Tryphena, akukutumula chitenje. "Benwell ali gone m'chipatala ndinachinyamula ndekha kupita nacho kwa abambo a ku mishoni, amene amazidziwa ndalama zotele. Anati n'zotchipa, zili mbwee paliponse, chitini chonse sichingagule mtanda wa sopo. Mzungu wa ku Lusaka uja ndinamuumba ine, n'kunong'oneza mkazi wa Haswell pamalilo kuti asauze munthu."