Mwana wa Telala Anakoka Katani

Panali mayi wina telala amene azimayi ankamukhulupirira kwambiri. Mushopu mwake munali benchi la odikira, ndipo pakona panali katani yoyeserako zovala. Mzimayi aliyense ankavula kuseri kwa kataniyo mtima uli m'malo, n'chifukwa chake ntchito sinkamusowa.

Anali ndi mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri, ankangomutchula kuti Kadona. Akaweruka kusukulu, mayiyo ankamuyatsira TV m'kachipinda ka kumbuyo kuti asamusokoneze pamakina. Kadona anakonda sewero lina loseketsa la ana a sekondale, lamagawo ambirimbiri. Ine ndinalionapo kamodzi, abale, nyansi zokhazokha: kutukwana aphunzitsi, kunyoza onenepa, kuvulana pagulu. Akachita chamanyazi chilichonse kumamveka khamu la anthu osaoneka likufa ndi phwete.

Tsiku lina mlamu wake anabwera kudzasoketsa zipi, n'kusuzumira kumbuyoko.

"Alamu, mwaiona 16 ili pakona ya TV iyo?"

"Ndaiona. Ndi nambala ya gawo, afika pa 16."

"Ayi alamu, ndi zaka zimenezo. Akuti mwana wosakwana zaka 16 asaonere."

Telalayo sanadzutse n'komwe mutu pamakina. "Inu mumakonda kukuza nkhani. Ana ovala yunifolomu akuseka, choipa n'chiyani? Bola akundipatsa mpata."

Mlamuyo anangoti, "Chabwino, mwana ndi wanu," n'kutenga siketi yake. Sabata zinadutsa, gawo likadali 16 yemweyo, koma mayi wathuyu osadabwa ngakhale pang'ono. Mxii!

Ndiye Loweruka lina masana kunabwera kasitomala wake wakalekale, mayi wamkulu waulemu wake, wathupi ndithu, kudzayesa diresi yoti akavale paukwati wa mwana wake. Pabenchi panali azibambo awiri odikira mathalauza awo. Mayi aja analowa kuseri kwa katani n'kuvula. Telala anawerama kufunafuna mapini.

Kadona anatuluka kumbuyo kuja monyang'ama, anagwira katani ija n'kuikoka yonse mpaka kumapeto.

"Taonani mvuu yavula!" anakuwa choncho, manja ali m'chiuno, mawu ake ngati a mtsikana wa m'sewero lija.

Mushopu munangoti zii. Azibambo aja anazolika, wina n'kutuluka osatenga n'thalauza lomwe. Mayi aja anakhala pansi atadziphimba ndi diresi yosatha kusoka, misozi ili chuchuchu. Munthu woti ali ndi zidzukulu! Anavala zovala zake, ndipo pakhomo anangomufunsa Kadona kuti, "Mwanangu, ndakulakwira chiyani?" Diresi anaisiya pansi pomwepo.

Nkhani inawanda msika wonse dzuwa lisanalowe. Azimayi anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzatenga nsalu zawo zosasoka. Wina anamuuza pamaso: "Musatiyikire kumtima amake Kadona, koma ife sitingavule muno."

Atatsala awiriwiri ndi Kadona, telala anatseka chitseko, anatenga tepi yoyezera n'kuipinda kuti amukwapule mwanayo. Kadona sanathawe. Anamuyang'ana mayi akeyo nkhope ili yodabwa zenizeni.

"Amayi, bwanji sanaseke aliyense? Kapena ndinachedwa kukoka?"

Dzanja la telala linagwa. Mwanayo sankadziwa n'komwe kuti walakwa, ankangofuna kudziwa pokonza kuti ulendo wina zidzamuyendere.

Phunziro: Makolo anzanga, si chilichonse choseketsa chomwe ndi cha ana. Nambala ili pakona ya TV ndi zaka, musaiyese chokongoletsa. Khalani pansi muonere kaye nokha musanamusiyire mwana, chifukwa iye akamva anthu akuseka amaganiza kuti zimenezo n'zabwino. Wachibale akakuchenjezani, imitsani kaye ntchito mumvetsere. Tumizani nkhaniyi kwa kholo lililonse limene limalera mwana ndi TV, ena sakudziwa zomwe zikuphunzitsidwa m'nyumba mwawo.