Gudumu Lopindika

Mkulu wina anaima kutsidya kwa msewu kuyambira m'mawa, akunamizira kudikira basi. Mabasi ankabwera n'kupita, iye osakwera. Maso ake anali pa kashedi kokonzera njinga, pomwe anthu anamulozera kuti mwana wake amagwira ntchito. Mwanayo anamusiya ali wakhanda, ndipo lero anafuna kungomva ngati angamutchule kuti bambo.

Pakhomo pa shediyo, bambo wina wachinyamata ankaphunzitsa mtsikana kuwongola gudumu lopindika. Mtsikanayo ankamanga masipoko a mbali yolakwika, gudumu n'kumavina ngati woledzera. Mphunzitsiyo sanamulande sipanala. Anapinda manja kumbuyo, n'kumuuza kuti aziliza sipoko iliyonse ndi chala, amvetsere yomwe yakhwefuka. Ena awiri anakhala pa benchi kudikira nthawi yawo, ndipo wogulitsa nyuzipepala anali atamuuza kale mkuluyo kuti pamenepo amaphunzitsa ulere.

Manyazi anamugwira mkuluyo. Umu ndi mmene iyenso ankaphunzitsira pa unyamata wake, kuleza mtima ndi ana a eni, wake akukula osamudziwa nkhope. Komabe munthu sasowa podzitonthozera. Chibale ndi fupa, sichiola, anadziuza choncho. Ntchito yolera anaithawa, inde, koma magazi anamugwirira. Ngakhale kaimidwe ka mphunzitsiyo kokhotetsa khosi anakaona kuti n'kake ndithu.

Analimba mtima n'kuwoloka, chipewa chili m'manja.

"Mwana wanga, ine ndine bambo ako," anatero. "Sindinabwere kudzapempha kanthu. Ndinakulakwira, sindikana. Koma ndaona mmene ukuphunzitsira. Mtima umenewo ndi wanga. Ndi chokhacho chimene ndinakusiyira."

Wokonza njingayo anapukuta girisi m'manja mosafulumira. Kenako anamukokera mpando.

"Khalani pansi, bambo, mwaima kokwanira. Amene mukumufunayo si ine. Ine ndinalowa m'nyumba ija ndi bambo anga, amene anakwatira mayi ake inu mutachoka. Anatilera pamodzi, ndipo ntchitoyi anatiphunzitsa tonse awiri."

Mkuluyo anakhala pa mpandopo. "Nanga wangayo ali kuti?"

"Anachoka chaka chatha osatsanzika, mkazi wake, mlamu wanga, ali ndi pakati. Mwanayo ndikulera ndine."