Jombo Zatsopano za Wajdi

Mvula inali isanakate chiyambire dzulo lake, ndipo bwalo la ku Tunis linali litasanduka dambo. Osewera onse a timu ya dziko anali panja, kuonerera woimbira akuyesa mpira pa udzu kuti aone ngati masewero angachitike. Lotfi yekha ndiye anatsala m'chipinda chovalira, ati m'mimba mukumupota.

M'mimbamo munalibe kanthu. Chomwe chinkamupota chinali bokosi lofiira lomwe linali pansi pa benchi, pamalo pa mng'ono wake Wajdi.

Abale awiriwa anatengera bambo awo mapazi, zimapazi ngati mabwato, moti m'timu yonse munalibe wina amene jombo zake zikanawakwana. Koma kufanana kwawo kunathera pa mapazi pomwepo. Wajdi ankasewera ku Ulaya, nkhope yake inali pa zikwangwani mpaka pa mabotolo a mafuta ophikira. Akagwira mpira ankadyetsa anthu njomba mpaka bwalo lonse kuimirira. Lotfi, chimunthu chachitali chodziwa kumenya mpira ndi mutu basi, ankasewera kwawo ku Tozeur, kuchipululu, komwe mvula imabwera ngati mlendo wosokera. Anali ndi zaka makumi atatu ndi mphambu zitatu. Ku timu ya dziko ankamuitana ndithu, koma kukakhala pa benchi. Anali asanapondepo m'bwalo atavala yunifolomu ya dziko lake, ndipo aliyense ankadziwa kuti ulendo uno unali womaliza kumuitana.

Nanga ndani anaphunzitsa Wajdi kuponda mpira, pa fumbi la kuseri kwa malo ogulitsira zipatso za kanjedza? Si Lotfi yemweyu? Koma lero ukalowa m'nyumba mwa mayi awo, khoma lonse ndi zithunzi za Wajdi. Cha Lotfi chinali chimodzi, chaukwati, nachonso chitabisika kuseri kwa kalendala. Anthu pamsewu ankamupatsa moni wakuti, “Mkulu wake wa Wajdi, muli bwanji?” ngati kuti dzina lake linathawa.

Zinkamuwawa, tisabise. Nsanje inali itamudya mpaka m'mafupa.

Anatsegula bokosilo. Munali jombo zatsopano, pepala lakusitolo likadali m'kati, kunsi kwake misomali yaitali yachitsulo yomwe imaluma m'matope kuti munthu asaterereke. Sabata yonse Wajdi anali pa foni kuyang'ana zanyengo, ndipo dzana anasowa masana onse n'kubwera ndi bokosi limeneli. Mwana wochenjera, amakonzeratu ulemerero wake ngakhale kumwamba kutang'ambika. Lotfi anayang'ana jombo zake zomwe. Tizisonga take tamphira tinali titatha ndi nthaka youma ya ku Tozeur, kunsi kuli see ngati sopo. Jombo zina za Wajdi, zomwe zinali m'chikwama, nazonso zinali za pouma.

Kuseri kwa chipindacho kunkadutsa ngalande yaikulu, madzi ake ofiira akuthamangira kunyanja. Lotfi anatsegula kazenera kapamwamba. Sanaganize kawiri. Anaponya jombo zatsopanozo m'ngalandemo. Yoyamba inagwa n'kumira pomwepo, yachiwiri inayandama pang'ono, n'kukhota pakona. Anatseka bokosi lopanda kanthulo n'kulibwezera pamalo pake.

Anakhala pansi kukhosi kuli mbee. M'maso mwake ankaona kale Wajdi akuti athamange, miyendo n'kupita kumwamba, matope kumaso, dziko lonse likuonera pa wailesi yakanema. Tione ngati mayi akapachike chithunzi chimenecho.

Posakhalitsa anzake anayamba kulowa, madzi akuchucha m'majekete. Nkhani inali imodzi. Woimbira anaponya mpira pansi, mpirawo n'kungoti phwa, osadumpha. Anaukankha, unayenda pang'ono n'kuima m'chithaphwi. Komabe osewera a timu yachilendo anali ndi ndege yoti akwere m'mawa mwake, masapota anali atadzaza kale bwalo, choncho woimbirayo analamula kuti masewero achitika basi. Goloboyi ankadandaula kuti lero mpira uzimuthawa m'manja ngati nsomba. Wina anaseka kuti amene sadziwa kusambira anene msanga.

“Lotfi, m'mimba muja mwaleka?” anafunsa goloboyiyo. “Kapena ndi nyemba za dzulo zija?”

Lotfi anaseka nawo, koma maso ake anali pakhomo. Kunja kwa chitseko ankaona Wajdi ataima ndi mphunzitsi wawo, bambo Moncef, akulankhula mokakamira, manja akuloza kubwalo, kenako kumwamba. Mphunzitsiyo anapukusa mutu, anakanda ndevu, mapeto ake n'kugwedeza mutu kuvomera. Lotfi anatsonya chamumtima. Mwana wapamtima akapempha, amakanizidwa ngati?

Wajdi analowa akumwetulira mano onse panja. Anapita molunjika pa benchi, nagwada, nasolola bokosi lija. Lotfi anawerama, nayamba kumanga zingwe za jombo zake zakuthazo mwaulesi, khutu lili tcheru kudikira kukuwa.

Koma Wajdi sanatsegule bokosilo, ndipo ndi chisangalalocho sanamve n'komwe kuti lapepuka. Anadzaliika pa miyendo ya mkulu wake.

“Achimwene, sabata yonse ndakhala ndikupempherera mvula imeneyi. Pa matope apa njomba zanga n'zopanda ntchito, mpira wa lero ndi wam'mwamba, ndipo a Moncef avomera: ine ndikhala pa benchi, inu muyamba. Amayi ndawaimbira kale, aitana mudzi wonse kuti udzaonere. Tsegulanitu, ndakugulirani ndine. Ndi zanu zakuthazo simungaime n'komwe.”