Ketulo ya a Malachy ndi Zithunzi za Apongozi

Panali munthu wina kwathu kuno ku Donegal, a Malachy Boyle, bambo amene anapuma pa ntchito yogawa makalata. Nkhaniyi akuti ndi yoona, wandiuza ndi msuweni wa akazi awo.

Apongozi awo, mayi Bridie, ankakwanitsa zaka makumi asanu ndi anayi, ndipo ana anakonza phwando m'holo ya parishi. A Malachy anadzipereka kusonkhanitsa zithunzi zakale za banja kuti tsikulo zidzaonetsedwe pakhoma. Kwa miyezi itatu ankabwereka zithunzi kwa abale, kuzilowetsa m'kompyuta, kulemba mayina pansi pake, n'kuzibweza kwa eni ake. Zinakwana mazana anayi.

Mwana wawo Orla, podziwa kuti kuno mphepo ikangokwiya magetsi amathawa, anawagulira kabokosi ka batire n'kukalumikiza ku kompyutayo.

"Adadi, mvetserani. Magetsi akathima, kabokosi aka kayamba kulira. Kakalira muli ndi mphindi khumi basi. Sungani ntchito yanu, muzimitse kompyuta bwinobwino. Si jenereta iyi. Ndipo kachingwe aka musakazule, ndi kamene kamauza kompyuta kuti izime yokha batire ikamatha."

"Iwe, njinga ndinakuphunzitsa kupalasa ndine. Lero undiphunzitse kuzimitsa zinthu?"

"Zithunzizo muzikoperenso pena."

"Mawa, mawa."

Mlungu usanathe a Malachy anazula kachingwe kaja kuti apeze potchajira foni.

Loweruka m'mawa, phwando lili mawa lake, kunabwera mkuntho ndipo magetsi anathima. Kabokosi kanayamba: tii, tii, tii. Koma kompyuta inali ikuyakabe.

"Nuala!" anaitana akazi awo. "Tabwerani mudzaone! Mudzi wonse ulibe magetsi, koma ine ndili nawo!"

"Malachy, mwana uja anati kakalira muzizimitsa."

"Zangotsala za ukwati wathu, ndimalize kaye."

"Nanga phokosolo?"

A Malachy anatenga pilo n'kufunditsa kabokosiko. "Phokoso liti?"

Posakhalitsa analowa neba wawo, a Dermot, atanyowa chuu.

"Achimwene, kwanu kuno kukuwala? Kwathu chidzukireni sitinalawe tiyi. Mayi akunyumba akundiyang'ana ngati mapolo a magetsiwo ndagwetsa ndine."

A Malachy anatukumula chifuwa. "Tiyi? Nkhani yaing'ono imeneyo. Nuala, tabweretsani ketulo."

"Ine ayi, mundichotsemo. Katengeni nokha."

Anakaitenga okha. Anadina batani losungira ntchito yawo, ndipo kompyuta ili mkati mosunga, anabaya pulagi ya ketulo m'kabokosi muja. Ketulo inangoti phuu kamodzi. Kabokosi kanalira kulira kumodzi kwakutali, kenako zonse zinangoti zii.

Onse atatu anangoima, kuyang'ana galasi lakuda la kompyuta.

"Ndiye tiyi uja wapsa?" anafunsa a Dermot.

Magetsi anayaka masana. A Malachy anayatsa kompyuta, koma panangotuluka timalemba toyera tosamveka. Anaizimitsa, kuyatsanso, mpaka kasanu. Zithunzi osaoneka. Apongozi anali atauza kale parishi yonse kuti mkamwini wawo wakonza zodabwitsa.

Anaimbira Orla.

"Adadi, kabokosi kanalira?"

"Kanalira, koma pang'ono chabe."

"Ndiye munatani?"

A Nuala anakuwira chakumbuyo: "Anakafunditsa pilo, n'kukapatsa ketulo!"

Orla anaseka mpaka kutsokomola. "Ndikubwera. Musaikhudzenso, musaiyang'ane n'komwe."

Podikira, a Malachy anakhala pa foni n'kumaimbira abale mmodzimmodzi, kupempha kuti mawa abweretse zithunzi zawo zija. Atatu oyambirira anawafotokozera nkhani yonse. Wachinayi, a Malachy asanamupatse n'komwe moni, anayamba ndi iyeyo: "Alamu, ndamva za ketulo."

Orla atafika analimbana nayo kompyutayo mpaka anapulumutsa zithunzi khumi ndi ziwiri zokha. Anaziika pa kafulashi n'kuwapatsa bambo ake.

"Muzione kaye, adadi."

"Zochepa chonchi ndizionerenji? Bola pali choonetsa."

Lamulungu holo inadzaza. Abale anabwera ndi zithunzi m'zitini za mabisiketi ndi m'maenvelopu, n'kumapatsirana patebulo, uyu kuseka tsitsi la mnzake, uyo kupukuta misozi poona malemu. Mayi Bridie anasangalala kwabasi. Kenako anagogoda pansi ndi ndodo yawo.

"Malachy, za pakhoma zija zili kuti? Ndadikira miyezi itatu ine."

A Malachy anayatsa makina oonetsera zithunzi pakhoma. Choyamba chinali mayi Bridie ali mtsikana, atakwera njinga. Anthu anaomba m'manja. Chachiwiri ukwati wawo, chachitatu ubatizo wa a Nuala. Mtima wa a Malachy unayamba kukhala pansi.

Chachinayi chinali nkhosa yamphongo, imene a Malachy anakaijambula ku chionetsero cha ziweto. Chachisanu nkhosa yomweyo chammbali. Zotsala zonse zinali nkhosa yomweyo.

Mayi Bridie anakonza magalasi awo, nayang'anitsitsa pakhoma nthawi yaitali.

"Ameneyo ndi wa kwanu, Malachy," anatero. "Kwathu kulibe wanyanga."

Holo yonse inaphulika ndi phwete, mpaka bambo mfumu anachita kugwirira mpando. A Malachy nawo anaseka, poti akanatani?

Phunziro: Kabokosi ka batire si jenereta, ntchito yake ndi kukupatsani mpata woti musunge zanu ndi kuzimitsa kompyuta mwaulemu. Kakalira musakatseke pakamwa, kachingwe kake musakazule, ketulo kapena hita musalumikizeko, ndipo zamtengo wapatali muzisunge malo awiri lero lomwe. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene ali ndi kompyuta kunyumba, makamaka uja amati zonse amazidziwa kale.