Ziswamphika za m'chitini cha a Pilato

Atsikana, nkhani yatha bwino! A Pilato agwera m'ngalande atavala jekete lawo la kutchalitchi, ndipo a Enifa sachotsedwanso ku dimba. Werengani mpaka kumapeto, musadumphe.

Panali bambo wina konkuno ku Thuchila, a Pilato, amene dimba lawo linagundana ndi la a Enifa, mayi wamasiye uja amagulitsa tomato ndi mpiru pa Nkando. Madimba onsewo ndi a kalabu ya ulimi wothirira, ndiye kalabu ikakuchotsa, dimba lapita, madzi apita. A Enifa alibe kwina kodalira. Ana awo amadya za m'dimba momwemo.

Chaka chino mbozi ndi nsabwe za m'masamba zinavuta zedi. A Pilato anagula mankhwala kwa munthu wosamudziwa amene anatsika minibasi ndi tizigubu topanda dzina. Anapopera m'mawa, anapopera madzulo. Zimene zinafa ndi ziswamphika, akangaude ndi njuchi. Mbozi zinangonenepa. Koma kungodumpha malire, tomato wa a Enifa ali psuu, mpiru uli biriwiri.

Komatu a Enifa sankabisa kanthu. Akamatola nkhuni n'kupeza kamtengo kokhala ndi kachotupa ngati thovu louma, ankakathyola n'kukakamangirira pa chichiri cha tomato ndi kansanza ka chitenje. Anawafotokozera a Pilato kuti amenewo ndi mazira a chiswamphika, akaswa tiana take timadya nsabwe, tikakula timagwira mbozi ndi ziwala. Anawapempha kuti asiye kupoperako, mpaka anawapatsa kamtengo kamodzi. A Pilato anakaponya m'madzi.

"Achemwali, ine si mwana," anatero. "Dzira lanji lomanga ndi nsanza? Izi ndi zithumwa. Mukukawa tomato wanga inu."

Mawuwo anathamanga kuposa kabaza. Pa Nkando anthu anayamba kudutsa milu ya a Enifa ngati sakuiona, tomato n'kumaolera m'dengu. Kusukulu mwana wawo Maureen anayamba kutchedwa mwana wa mfiti, ndipo ena mwa inu munaseka nawo, mukudzidziwa.

Sizinawakwanire a Pilato. A Enifa atapita ku maliro a mlamu wawo, bambowa analowa m'dimba ndi mpeni, nadula timitengo tonse, natitsekera m'chitini cha mkaka. Anapita nacho kwa a Dainess, wapampando wa kalabu, kuti umboni ndi uwu, mayiyu achoke.

A Enifa pobwera anapeza zichiri zili mbee. Anakhala pansi pamzere n'kulira. Kenako maso awo anagwera pa chichiri chakumapeto, pamene a Pilato anasiya kamtengo kamodzi osakaona. Kachotupako kanali katayamba kuswa, tiana tikutuluka motsatizana. A Enifa anatiyang'ana nthawi yaitali, napukuta misozi, nanyamuka.

Atafika kwa a Dainess n'kumva za chitini chija, sanakangane, sanalumbire. Anangopempha chinthu chimodzi: chitinicho asunge eni ake a Pilato, chisatsegulidwe, ndipo pa tsiku la msonkhano adzatsegule okha ndi manja awo pamaso pa onse, kuti pasadzakhale wonena kuti wina anasintha za m'katimo. A Pilato anavomera akumwetulira, poganiza kuti mayi wagonja. Anakachibisa kunsi kwa bedi, mkazi wawo n'kumuletsa ngakhale kusesako.

Msonkhano unali lero, pansi pa mango wa m'mbali mwa ngalande. Anthu anadzadza, ena anachita kutseka maokala. A Pilato anafika atatchena jekete, chitini chili kukhwapa, nalankhula mpaka anthu kuyamba kuyasamula. A Dainess atafunsa a Enifa ngati ali ndi mawu, anangoti, "Atsegule."

Atsikana inu! Chivindikiro kungoti pho, tiziswamphika tosawerengeka, tating'ono ngati nyerere, tinasefukira m'manja mwawo. Tina m'mikono ya jekete, tina m'khosi, tina mpaka m'ndevu.

"Mayo ine, zandilowa!" anakuwa a Pilato.

Anaponya chitini, anayamba kudzimenya okha, nabwerera chafutambuyo, khuvuu m'ngalande! Mmene amavuuka, matope ali mpaka m'makutu. Anthu anaseka mpaka kugwirana. Amayi omwe aja ankadutsa milu ya a Enifa anangozyolika, chifukwa aliyense anaona ndi maso ake kuti zithumwa zija zili ndi miyendo.

A Enifa okha sanaseke. Anagwada n'kumatola tianato ndi tsamba la mpiru, akuuza anthu kuti asatiponde. Kenako anayang'ana m'ngalande muja.

"Zikomo achimwene pondisungira antchito anga. Mwawalera bwino."

A Dainess anagamula kuti a Enifa sachoka. A Pilato akapepese pa Nkando, ataima pomwe pamakhala milu ya a Enifa, mokweza kuti amve ndi a minibasi omwe. Akatero akamangirire ndi manja awo timitengo tonse timene sitinaswe. A Pilato anadandaula kuti nsanza zija anataya. A Enifa anayankha kuti iwo alibenso chitenje chong'amba, koma akuona jekete lonyowa limene silingalowenso m'tchalitchi. Kalabu yonse inaomba m'manja!

Phunziro: Mnzako akakuonetsa chimene chikumuthandiza, funsa, usathamangire kumutcha mfiti. Usapopere mankhwala a munthu wosamudziwa, ndipo ukaona chiswamphika m'dimba chisiye, chili pa ntchito. Tumizirani anzanu onse, makamaka aja ankamuseka Maureen.

Mawa ndi Loweruka, kulibe sukulu. Tikumane pa Nkando m'mawa, kenako tonse ulendo wa ku dimba. Bwerani mudzaone a Pilato akung'amba jekete lawo!