Waya wa ku Sitata

Petronela anali atangonyika zovala m'bafa pamene Wahabu, makaniko wa ku Bangwe komweko, anatulukira ali wefuwefu.

"Mayi a Maxon, mwana wanu amutenga anyamata a chipani."

Sopo anagwera m'madzi. M'mawa umenewo thirakitala imene anasiya malemu bambo a Maxon inkayenera kunyamula amayi ovina kupita kumsonkhano. Atcheya a chipani anali atalamula, ndipo lamulo lawo silinkabwerezedwa. Amayi anadzaza m'ngolo atavala kale nsalu zawo. Maxon anapotokola kiyi. Zii. Anyamata aja anati wachita dala pofuna kunyoza chipani.

Petronela anathamangira kumsewu kumene kunali thirakitala ija, manja ali thovu lokhalokha. A Onesimo, mwamuna wake wachiwiri, anali pompo, atasintha kale zovala kuti akapepese kwa atcheya.

"Si inu munaikonza dzulo lomweli?" Petronela anamukalipira Wahabu. "Tiuzeni chavuta n'chiyani."

Wahabu anayambira ku batire. Anagunditsa waya, moto n'kuthetheka. Fyuzi inali bwinobwino. Anatsata mawaya ndi chala kuchokera pa kiyi kukafika ku sitata yolizira injini, kenaka anaima.

"Apa panali waya wofiira. Ndinaumanga ndekha, n'kuukulunga ndi kansanza ka chitenje kamene munanding'ambira inu. Sunapse ayi. Makoswenso samasula manati."

A Onesimo anapukusa mutu modekha. "Ine za mawaya sindizidziwa, ngakhale sipanala sindinaigwirepo. Chomwe ndikudziwa n'chakuti makanikoyu thirakitalayi amaisirira kuyambira kale. Maxon akachoka, aiyendetsa ndani?"

Apa Petronela anaona ngati maso atseguka. Ndani wina ankadziwa waya umenewo? Anatembenukira kwa Wahabu.

"Zaka zonsezi mukumwa tiyi pakhonde panga, kani mumawerenga matayala? Chokani, ndisadzakuoneninso!"

Wahabu anatola zitsulo zake, nachoka. A Onesimo anazula kiyi n'kuika m'thumba la jekete.

"Pitani mukamalize kuchapa, mayi. Kiyi ndisunga ine mpaka mwana atabwera."

Nthawi yolira panalibe. Kulikonse kumene amutsekera Maxon, adzafuna malaya oyera. Petronela anagwadanso pa bafa, nakoka thalauzi la khaki limene a Onesimo anavula m'mawawo. Anapisa m'matumba monga mwa nthawi zonse, poti tsiku lina anachapira kumodzi khadi la chipani ndipo mlandu wake unatha sabata.

Khadi munalibe. Munali kasipanala kakang'ono, ndi waya wofiira wokulungidwa ndi kansanza ka chitenje chake.

Anaziika pamwala. Anavuula sopo m'madzi muja, nayamba kufikisa malaya a Maxon. Thalauzi lija linatsala pansi, pa dothi.