Chithunzi Chomaliza cha Tyra

Gunhild Wessman anakwera masitepe a kwa adona Cederholm atapanira chipepala chokulungiza m'khwapa, fungo la nsomba likumulondola. Anali atatseka benchi yake ya nsomba kumsika dzuwa likadali pamutu, chinthu chimene sanachitepo chikwatiwireni. Ankafuna chimodzi chokha: kuyankhula ndi mwana wake Tyra.

Tyrayo anachoka pakhomo atayambana ndi mayi ake, ndipo mlandu wake unali penti. Mtsikana wa manja abwino, wodziwa kujambula nkhope ya munthu mpaka njerewere, anakalowa kagulu ka azimayi olemera a mu Stockholm muno, aja amakumana Lachisanu masana kumvera mizimu. Akuti mzimu ndiwo umagwira dzanja, iwe n'kumangotsatira. Chilowereni kumeneko sanajambulenso munthu, ng'ombe kapena mtengo. Zozungulira zokhazokha, mizere yopotana ngati matumbo, mitundu yoti ngakhale pa nsalu yopukutira mbale sungailole. Pentiyo ankasakaniza ndi mazira. Mazira abwinobwino, odyedwa!

Adona anatsegula okha, koma chitseko anachigwira theka.

"Mayi Wessman, ndinakuuzani kale. M'chipinda chamkati salowamo munthu wonyoza."

"Inu mumacheza naye Lachisanu lililonse. Munamubereka ndinu?"

"Tyra ali pamtendere. Mayankhulidwe anuwa angamusokoneze."

"Mayankhulidwe angawa ndi amene anamulera. Tasunthani adona, mwendo wanga ukuwawa."

Anakankha chitseko ndi phewa n'kulowa. Pabalaza panali zithunzi za Tyra zitandanda pakhoma, zazitali kuposa munthu, zonse zopanda dzina m'munsi, poti akuti mwini ntchito ndi mzimu. Mwana wako apindike msana pansi miyezi ndi miyezi, ulemu upite kwa munthu wosaoneka! Kumapeto kwa mzerewo kunali msomali wopanda kanthu.

Gunhild anatambasula chipepala chija pansi n'kupondetsa nsapato pangodya. Adona anagwira pakamwa. Chinali chithunzi chomaliza cha mzerewo, chimene Tyra anajambulira kwawo asanachoke. Akaguluwo ankati zithunzizo ndi makwerero a moyo wa munthu, ndipo popanda chimenechi makwererowo safika pamwamba. Anali atachifunafuna mpaka kutaya mtima.

"Chotsani phazilo! Ndiponso mwachizondotsa!"

"Chili ndi mutu ichi? Ine ndimangoona dzira losweka pambaula."

"Umenewo ndi moyo ukulowa m'kuwala."

"Kwathu chimatchinga mphepo pazenera losweka, ndipo ntchito imeneyo chikuidziwa."

Adona anameza malovu. Gunhild anaona. Zaka zonse wakhala pamsika, munthu womeza malovu amamudziwa kuti wagwidwa kale, chatsala n'kumusenda.

"Tchulani mtengo wanu, mayi."

"Chikwama chanucho musachivutitse. Nditsegulireni chitseko icho."

"Malamulo si anga. Akumwamba ndiwo anati wosakhulupirira asalowe."

"Akumwambawo akufuna chithunzi chawo kapena ayi? Kafunseni, ndidikira."

Adona anayenda uku ndi uku, akupotokola mkanda wawo wa m'khosi. Maphunziro onse aja, Chifalansa chonse chija, koma kunenerera malonda sankadziwa ngakhale pang'ono.

"Chabwino. Lero lokha. Mukhale kumbuyo, osatsegula pakamwa."

"Lachisanu lililonse. Mpando wapatebulo. Pakamwa ndi panga."

"Zosatheka zimenezo!"

Gunhild anawerama n'kuyamba kukulunga chipepalacho pang'onopang'ono, dala, kuti chizimveka kukhwekhwereza.

"Nkhuni zavuta chaka chino, adona. Pepala lopaka mazira limayaka bwino, ndinayesa kale kangodya aka."

"Mayi inu, simuopa Mulungu?"

"Mulungu ndimamuopa. Koma inu ayi."

"Mpaka Khirisimasi, basi."

"Mpaka nditatopa ndekha."

Adona anatseka maso, milomo ikugwedezeka. Kaya ankapemphera, kaya ankatukwana mwaulemu, zawo zimenezo. Kenako anatambasula manja. Gunhild sanapereke. Analoza chitseko ndi chibwano, ndipo chitatseguka m'pamene anasiya chipepalacho, monga amachitira ndi wogula wachilendo.

M'katimo makatani anali otseka masana onse aja. Azimayi atatu akuluakulu, oti akanakhala akulera zidzukulu, anakhala mozungulira tebulo atagwirana manja ngati ana a sukulu ya mkaka. Wina anatseka mphuno ndi kansalu. Gunhild anakoka mpando mwaphokoso, nakhala pafupi ndi wowonda kwambiriyo, Ottilia, amene ndi dzanja linalo anali atagwira pensulo pamwamba pa pepala loyera, maso ali otseka.

"Bodza lanulo liyambeni," anatero Gunhild, koma mawu anatuluka ang'onoang'ono. Tyra anaikidwa m'manda mu Febuluwale, chifuwa chitamutenga asanamvane ndi mayi ake.

"Mumuuze kuti ndine. Mumufunse ngati akadandikwiyira."